Chimene chinkaba moto wa batire galimoto ili chiimire

Lolemba lina m'mawa, mu Okutobala 2024, ana atavala kale mayunifomu zikwama zili kumsana, ndinapotokola kiyi galimoto n'kungoti kete-kete-kete. Timagetsi ta pa dashibodi tinaphethira ngati koloboyi wotha palafini, kenako zii. Galimoto yanga ndi Toyota Fielder ya 2008, ya automatic, ndiye zoitana anyamata kuti akankhe panalibe. Ana anakwera kabaza, ine ndinayamba kugogoda m'mageti a aneba kufunsa amene ali ndi ma jumper.

Inali nthawi ija mafuta anasowa, anthu akuchezera pa mizere usiku wonse. Ndinali nditaimika galimoto Lachinayi madzulo pofuna kusunga timalita totsala mu thanki, n'kumakwera minibasi kuchokera ku Area 25 kupita m'tauni. Masiku atatu ndi theka okha, batire lilibiretu moto. Ganizo limene linandifikira ndi lomwe lingamufikire aliyense, loti batire lakalamba. Linali litatha zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, choncho sindinataye nthawi. Aneba atandithandiza kuliza, ndinalunjika ku Biwi n'kukagula latsopano la 45 Ah (Ah ndi muyeso wa moto umene batire limasunga), lija ogulitsa amangoti NS60. Mtengo wake unandiwawa, popeza chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 katundu aliyense wochokera kunja anali atakwera, koma ndinadzitonthoza kuti nkhani yatha. Lakalelo ndinalisiya komweko, anandichotserako pang'ono pa mtengo.

Kwa masiku angapo zinayenda, chifukwa ndinapeza mafuta ndipo ndinkayenda tsiku ndi tsiku. Mafutawo atatha, galimoto inakhalanso pabwalo kuyambira Lachisanu mpaka Lachiwiri. Kupotokola kiyi, nyimbo yomwe ija. Batire losatha ndi milungu itatu yomwe! Ndinabwerera kwa wogulitsa uja nditalusa, lisiti lili m'manja. Iye sanakangane nane. Analitchaja, analiyeza ndi kachipangizo kake, kenako anayezanso galimoto injini ikulira, n'kuti, "Bwana, batire ili lilibe mlandu, ndipo alternator yanu ikutchaja bwinobwino. M'galimoto mwanumu muli wakuba, akumwa moto inu mukugona." Ine mumtima ndinangoti awa ndi machenjera a munthu wothawa kusintha katundu. Ndinachoka osatsanzika, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pamenepo manyazi amandigwira.

Nzeru imene ndinaipeza inali yotsegula boneti madzulo aliwonse, kumasula chingwe cha negative ndi sipanala ya 10, m'mawa n'kubwezeretsa. Zinkathandiza ndithu, ndipo ngati muli pa vuto lomweli lero, yambani mwachita zimenezi kuti batire lisafe pamene mukufufuza. Koma ndi moyo wotopetsa. Wotchi imasokonekera, rimoti yokhomera zitseko sigwira, injini imalira mosakhazikika poyamba chifukwa kompyuta yake yaiwala zimene inazolowera, ndipo malaya opitira ku ntchito amakafika ali ndi girisi pamkono. Mayi a kunyumba anapirira sabata ziwiri, kenako anandifunsa kuti, "Abambo, kodi galimotoyi yasanduka mbuzi yoti tizichita kuimanga ndi kuimasula? Bwanji osawaimbira achimwene?"

Achimwene awowo, alamu anga, ntchito yawo ndi yoika ma solar m'nyumba za anthu, ndipo nkhani za mabatire ndi chakudya chawo. Ndinkazengereza kuwauza poopa kuti aseka zoti ndagula batire osayeza kanthu. Koma safunsa anadya phula, ndipo ine phulalo ndinali nditadya kale. Pa foni anangondifunsa funso limodzi: "Alamu, mukamasula chingwecho, batire limagona masiku angati osatha?" Ndinawauza kuti ulendo wina linagona masiku anayi, ndipo nditabwezeretsa galimoto inalira kamodzi kokha. "Ndiye mwayezatu kale, kungoti simunadziwe kuti mukuyeza. Batire lodwala limatha lokha, ngakhale mutaliika pa tebulo popanda waya aliyense. Lanulo likutha pokhapokha chingwe chili pamalo pake, ndiye kuti moto ukutulukira m'chingwemo."

Anabwera Loweruka ndi multimeter yawo, mita yoyezera magetsi. Mita imeneyi si chinthu chapatali, ngakhale yotsika mtengo ya m'mashopu a zamagetsi imakwanira, bola ikhale ndi bowo lolembedwa 10A. Anandiuza kuti ndiziliona batire ngati mgolo wa madzi. Ukaupeza wouma m'mawa, mwina ndi woboola, mwina wotunga sakudzadza, mwinanso pali amene akumapungula usiku. Ndipo anakana kuthamangira kwa wakuba tisanatsimikize ziwiri zoyambazo, ngakhale wogulitsa uja anali atanena kale.

Mita anaiika pa 20 V ya DC, waya wofiira pa mutu wa positive, wakuda pa negative. Batire linali litagona usiku wonse chingwe chili chomasula, ndipo linaonetsa 12.5 V. Manambala awa ndi ofunika kuwasunga pamtima. Batire lodzadza bwino, loti lapuma maola angapo, limaonetsa 12.6 V kapena kuposerapo pang'ono. Pa 12.4 V ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi lapita, pa 12.2 V lili cha pa theka, ndipo likatsika pansi pa 12.0 V latsala pang'ono kutheratu. Kusiyana kwake n'kochepa kwambiri m'maso, n'chifukwa chake munthu wosadziwa akaona 12 amangoti zili bwino. Musayeze mutangozimitsa injini kumene, chifukwa nthawi imeneyo limaonetsa nambala yaikulu yonama. Titabwezeretsa chingwe ndinaliza galimoto alamu akuyang'ana mita. Sitata ikuzungulira inatsika kufika cha pa 10.5 V, zomwe zili bwino, popeza batire lofooka limagwera pansi pa 9.6 V. Injini itakhazikika inakwera kufika 14.1 V, ndipo titayatsa magetsi akutsogolo ndi fani sinatsike kwenikweni. Alternator yabwino imasewera pakati pa 13.8 ndi 14.5 V, ndiye wotunga madzi analibe mlandu.

Anachitanso kanthu kena kamene sindinakaonepo. Waya wakuda anausiya pa negative, wofiira n'kumauyendetsa pamwamba pa pulasitiki ya batire, pakati pa mitu iwiri ija. Fumbi la Lilongwe la mwezi wa Okutobala likasakanikirana ndi chinyezi cha asidi limapanga njira yoti moto uziyendamo pang'onopang'ono kuchoka mutu uwu kupita uwo. Mita ikaonetsa ma volt pa pulasitikipo, tsukani pamwambapo ndi madzi osungunulira soda wophikira, osalola kuti alowe m'mabowo, kenako pukutani paume. Langa linali latsopano, panalibe kanthu.

Tsopano tinafika pa ntchito yeniyeni, yoyeza kuchuluka kwa moto umene ukutuluka galimoto ili yozimitsa. Apa mita silumikizidwa ngati poyeza ma volt. Waya wofiira wa mita umachoka m'bowo la V n'kupita m'bowo la 10A, chozungulira chija n'kuchilozetsa pa 10A ya DC. Kenako umamasula chingwe cha negative, waya umodzi wa mita n'kugwiritsa pa mutu wa batire, winawo pa chingwe chimene wamasulacho. Mita imakhala ngati mlatho, moti moto wonse wotuluka m'batire uyenera kudutsa pamenepo n'kuwerengedwa. Kumasula kumayambira ku negative nthawi zonse, chifukwa thupi lonse la galimoto ndi negative. Ukayambira ku positive, sipanala ikangokhudza chitsulo chilichonse pamatuluka moto wotha kuotcha dzanja. Mphete ndi wotchi yachitsulo vulani, ndipo wosuta fodya akhale patali, popeza batire limatulutsa mpweya wa hydrogen umene suchedwa kuyaka.

Ndinaumirira kuti ndichite ndekha, ndipo ndinalakwitsa kawiri m'mphindi khumi. Nditangolumikiza, mita inaonetsa pafupifupi 2 A, ine n'kufuula kuti tamugwira. Alamu anangondilozera chitseko cha dalaivala chimene chinali pululu, kababu ka kudenga kakuyaka. Galimoto imene chitseko chake chili chotsegula siigona. Pa Fielder yanga, chimene chimauza galimoto kuti chitseko chatsekedwa ndi kabatani ka labala ka pa chipilala cha chitseko, choncho ngati ufuna kugwira ntchito mkati uyenera kukapanikiza ndi kathabwa ndi tepi. Pa magalimoto ena kabataniko kali mkati mwa loko, ndipo umakankha mbedza ya lokoyo ndi screwdriver mpaka itseke ngati chitseko chatsekedwa. Ukatero usaiwale kukoka chogwirira kuti mbedzayo itseguke usanamenyetse chitseko.

Kulakwitsa kwachiwiri ndiye koopsa. Ndinafuna kuonanso ma volt, n'kugwiritsa mawaya a mita pa mitu yonse iwiri ya batire, waya wofiira ukadali m'bowo la 10A. Kunamveka thwa, kamoto kanathetheka, mita n'kusiya kuwerenga. Bowo la 10A lili ngati waya wachindunji, ndiye ndinali nditalumikiza positive ndi negative popanda chotchinga. Mwayi wake mita ya alamu ili ndi fyuzi mkati, ndipo anali ndi ina yapadera m'chikwama. Mamita ena otchipa alibe fyuzi m'bowo limeneli, mawaya ake amangotentha m'manja mwako. Anandiuzanso motsindika kuti mita ikakhala pakati pa batire ndi chingwe, kiyi asapotokoledwe n'komwe. Sitata imakoka ma amp opitirira 100, pamene mita malire ake ndi 10.

Ulendo wachitatu tinachita mwadongosolo. Kiyi anatuluka, zitseko zonse zinatsekedwa, tchaja ya foni inazulidwa. Alamu anayamba agwiritsa waya umodzi wa mita pa chingwe ndi wina kunsi kwa mutu wa batire, kenako n'kukweza chingwecho pang'onopang'ono, kuti moto usaduke ngakhale kamphindi. Cholinga chake n'chakuti makompyuta a galimoto asadzidzimuke, chifukwa moto ukaduka n'kubwerera amadzuka onse n'kuyamba kukoka. Ndiyeno kudikira. Galimoto zamakono sizigona nthawi yomweyo ukazimitsa, zakale pang'ono zimatenga mphindi zochepa, zatsopano zimatha theka la ola kapena kuposa. Ngati yanu ndi yoliza pongodina batani, kiyi wake mukamusiye m'nyumba kutali, apo ayi galimoto izingomumva n'kumakhala maso. Ife tinamwa tiyi pakhonde, ndipo patatha mphindi 30 mita inali itakhazikika pa 0.52 A.

Nambala imeneyi inandionekera yaing'ono, moti ndinafunsa ngati theka la amp lingaphe batire lonse lija. Alamu anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pa dothi. Galimoto yabwinobwino imakoka moto pang'ono nthawi zonse, wosungira wotchi, zokumbukira za kompyuta ndi kachipangizo komvera rimoti, koma zonsezi pamodzi siziyenera kupitirira 0.05 A, kapena kuti 50 mA. Yanga inkakoka kuwirikiza kakhumi. Ukachulukitsa 0.52 ndi maola 24, zikukwana 12.5 Ah pa tsiku. Masiku atatu ndi 37 Ah, pa batire la 45 Ah. Ndipo sitata sidikira kuti batire lifike pa ziro, imayamba kukana kale moto ukatsika kwambiri pansi pa theka. Masamu anagwirizana ndendende ndi zimene zinkandichitikira: kugona usiku umodzi imalira, kugona masiku atatu yakana.

Amene ndinkamukayikira ine ndi kabokosi kakuda ka pansi pa chiwongolero, kaja kamalankhula Chijapani ukangopotokola kiyi. Ana anga amati ndi mayi wa ku Japan akupereka moni. Ndi kachipangizo ka ETC, kolipirira misewu ya kwawoko, ndipo kuno kalibe ntchito. Tinakazula, mita sinasunthe. Alamu ankakayikira timababu tobisika. Kababu ka 5 W kamakoka pafupifupi 0.4 A, nambala yoyandikana ndi yathu ija, ndipo ka kumbuyo konyamulira katundu kapena ka m'kabati ya kutsogolo kakhoza kumayaka chaka chonse iwe osakaona. Pa galimoto ya buti yotsekeka, njira yake ndi kuika foni mkatimo ikujambula vidiyo, kutseka, kenako n'kuonera. Fielder kumbuyo kwake kumaonekera pa galasi, choncho tinangosuzumira. Kunali mdima.

Zitatero tinapita ku mafyuzi. Galimotoyi ili ndi mabokosi awiri, lina pafupi ndi batire, lina pansi pa dashibodi, ndipo mayina a mafyuzi amalembedwa kuseri kwa chivundikiro. Musanazule chilichonse jambulani bokosilo ndi foni, chifukwa mukazula atatu mumaiwala kuti wabuluu anali pati, wofiira pati. Mwana wanga wamkazi wa Sitandade 6 tinamupatsa ntchito yowerenga mita mokweza, ine ndikuzula imodzi imodzi n'kumabwezera pomwepo. Ya hutala, palibe. Ya EFI, palibe. Ya DOME inatsitsa pang'ono chabe, ndipo nditaibwezera nambala inalumpha m'mwamba, tinachita kudikiranso kuti galimoto igone. Pamenepa m'pamene pamafunika kuleza mtima, ndipo ndikukhulupirira kuti amakaniko ambiri amene amangokuuza kuti gula batire lina si kuti sadziwa, koma safuna kutaya maola awiri ataimirira pa galimoto imodzi. Nditazula yolembedwa RAD NO.1, mwana anakuwa, "Adadi, yatsika! Ziro poyinti ziro firii!"

Wailesi. Ndinakhala chete kanthawi, chifukwa nthawi yomweyo zonse zinabwera m'mutu.

Aliyense amene anagulapo galimoto yochokera ku Japan akudziwa vuto la wailesi zake. Zakalezi FM yake imayambira pa 76 n'kuthera pa 90 MHz, pamene mawailesi athu ambiri ali pamwamba pa 90, ndiye umangogwira imodzi kapena ziwiri. Kuwonjezera apo zolemba zonse ndi za Chijapani. Ndinapirira zaka zingapo, kenako mu Julayi 2024 ndinagula wailesi ya Android ya sikirini yaikulu, mnyamata wina wa m'mbali mwa msewu n'kundiikira pa ola limodzi lokha. Walira mvula walira matope. Chimene chimandipweteka n'chakuti chizindikiro chinalipo kuyambira tsiku loyamba, ndipo ine ndinkachinyadira. Wailesiyo inkalira popanda kiyi. Ndinkaonetsa anzanga kuti taonani zamakono, ana ankakhala m'galimoto Loweruka masana kuonera makatuni makiyi ali m'thumba mwanga. Pomaliza tinkadina batani, sikirini n'kuda, ife n'kumati yazima. Koma chimene chinkazima ndi sikirini yokha. Kuseri kwake, kakompyuta konse kanali maso usiku ndi usana. Alamu anandiuza kuti ndibwezere fyuzi, tidikire, kenako ndigwire pamwamba pa wailesiyo. Inali yofunda ngati kapu ya tiyi yoiwalika.

Nanga bwanji kuyambira Julayi mpaka Okutobala sindinavutikepo? Chifukwa ndinkayenda tsiku lililonse. Usiku umodzi wailesi inkamwa 6 kapena 7 Ah, m'mawa ulendo wa ku ntchito kudzera ku Kanengo n'kubwezeretsa zambiri mwa izo. Wakubayo ankaba, koma wotunga ankadzadzanso. Kusowa kwa mafuta ndi kumene kunamuulula.

Titatsegula dashibodi tinapeza zimene alamu ankayembekezera. Mawaya anali opotana ndi manja, okulungidwa tepi yakuda yomwe inali itayamba kale kumatuka ndi kutentha. Wailesi zogula padera zimakhala ndi mawaya awiri a moto. Wachikasu umafuna moto wosaduka, wongosungira wotchi ndi masiteshoni. Wofiira umafuna moto wobwera pokhapokha kiyi akafika pa ACC, paja wailesi imayaka injini isanalire, ndipo ndi umene umauza wailesi kuti dzuka kapena gona. Mnyamata uja anaphatikiza wachikasu ndi wofiira n'kuwamangirira onse ku waya wa moto wosaduka, waya wa ACC wa galimoto n'kungoupinda n'kuusiya. Kwa wailesiyo, kiyi anali asanachokepo chiyambire Julayi. Mitundu ya mawaya a mbali ya galimoto imasiyana ndi ya wailesi, choncho musadalire maso. Alamu anaufufuza ndi mita: waya umene ukuonetsa 0 V kiyi atachoka, n'kuonetsa 12 V kiyi ali pa ACC, ndi womwewo. Analumikiza wofiira pamenepo, anawotcherera mfundo zonse ndi soldering iron, n'kuzivala timapaipi tija timafota ndi moto. Analowanso m'masetingi a wailesi, popeza zambiri za Android zili ndi gawo losankha ngati izingogona kapena izizimiratu kiyi akachoka, ndiponso patapita nthawi yaitali bwanji. Tinasankha nthawi yaifupi. Poyezanso, mita inayamba ndi 0.3 A, inatsika kufika 0.09, ndipo patatha mphindi zingapo inakhazikika pa 0.03 A. Pa tsiku ndi 0.7 Ah yokha.

Mnyamata uja ndinakumana naye patapita milungu, ndipo nditamufotokozera sanakane. Anati, "Anthu ambiri amafuna choncho, bwana, kuti azimvera nyimbo ataima." Mwina n'zoona. Chimene anandilakwira n'kusandifunsa komanso kusandichenjeza.

Ine ndinachita mwayi kuti wakuba wanga anali kuseri kwa fyuzi yolembedwa dzina. Sizikhala choncho nthawi zonse. Mukazula mafyuzi onse nambala osatsika, yang'anani pa mutu wa positive. Mukaonapo timawaya towonjezera tomangiriridwa pa boliti, tsatirani kumene tikupita, chifukwa alarm yoopsezera akuba, tracker, amplifier ndi magetsi owonjezera kawirikawiri amatengera moto pamenepo osadutsa m'bokosi la mafyuzi. Gwiraninso ma relay, timabokosi totsegula ndi kutseka moto, galimoto itagona usiku, wofunda ndiye kuti wakakamira. Winanso wovuta kumuganizira ndi alternator yomwe. Mkati mwake muli ma diode olola moto kupita mbali imodzi yokha, kuchoka ku alternator kupita ku batire. Imodzi ikapsa, moto umabwerera chambuyo injini ikazima, chikhalirecho masana ikutchaja moti woyeza ma volt okha sangaone vuto. Mnzanga wa ku ntchito zinamuchitikira, ndipo anasintha mabatire awiri asanadziwe. Kuyeza kwake n'kumasula waya wonenepa wa kumbuyo kwa alternator, koma chingwe cha negative chikhale chochotseratu pomasulapo, nsonga ya wayayo ikulungidwe kuti isakhudze chitsulo, kenako n'kulumikizanso mita. Nambala ikagwa, mwapeza.

Kwa amene muli ndi magalimoto atsopano odzadza makompyuta, kuzula mafyuzi kumasokoneza chifukwa fyuzi iliyonse yobwezera imadzutsa galimoto. Alamu anandionetsa njira ina yosazula kanthu. Pamsana pa fyuzi iliyonse pali timadontho tiwiri tachitsulo. Chingwe cha batire chili pamalo pake, galimoto itagona, mita ikani pa mV, poyezera tizigawo ting'onoting'ono ta volt, n'kugwiritsa nsonga zake pa timadonthoto. Fyuzi imene simukudutsa moto imaonetsa 0.0, pamene imene mukudutsa moto imaonetsa kanambala kakang'ono. Njirayi imafuna mita yabwinoko ndi dzanja losanjenjemera.

Vuto linatha, koma linasiya chipsera. Batire la galimoto analipangira kuti lizipereka moto wambiri kwa masekondi ochepa n'kudzadzidwanso nthawi yomweyo, mosiyana ndi la solar limene limapirira kutsika usiku uliwonse. Likatheratu n'kukhala choncho, pa mapuleti ake pamamera timiyala ta sulfate tomwe tikauma sitisungunukanso, ndipo mphamvu imene yatayika pamenepo sibwerera. Langa latsopano lija linali litatheratu kamodzi n'kugona lopanda moto, ndipo ine ndinkaganiza kuti ukalilitsa ndi ma jumper n'kuyenda mphindi 20 ndiye kuti ladzadza. Ayi ndithu, kuyenda kotero kumangobwezera kochepa koti ulizirenso mawa. Alamu analitenga n'kukalitchaja pang'onopang'ono usiku wonse pa tchaja yawo, atayamba aona madzi ake. M'mabowo awiri anali atatsika ndi kutentha kwa Okutobala, ndipo anathiramo madzi a batire ogula m'botolo, osati a pampopi kapena asidi. Likugwirabe ntchito, kungoti m'mawa wa Juni kukazizira sitata imayamba mwaulesi pang'ono. Za lakale lija ndimayesetsa kusaziganizira. Mwina linali lotha ndithu, mwinanso pali wina amene akuyenda nalo bwinobwino m'tauni muno, atalipeza motchipa.

Pa Khirisimasi chaka chomwecho tinapita kumudzi pa basi, galimoto n'kuisiya pabwalo masiku 12 chingwe chili chomanga. Pobwera, ndisanalowe n'komwe m'nyumba, ndinatenga kamita kanga komwe ndinali nditagula, n'kutsegula boneti zikwama zili pansi. Inaonetsa 12.4 V, ndipo kiyi ndinapotokola kamodzi kokha. Amene sanakondwe ndi ana, chifukwa makatuni a m'galimoto anatha, moti wamng'onoyo mpaka pano amauza alendo kuti amalume anawononga TV ya adadi.